Makwinya a pa Zenera la Dona

1

Ndisanayambe ndikuuzeni kuti m'nkhani imeneyi ine ndinalibe mlandu. Ndikudziwa kuti amuna onse amayamba choncho, ngakhale amene agwidwa nsapato zili m'manja pakhomo la eni ake, koma ine ndikunena zoona. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Kwathu zinatembenuka: anadya ndi akulu, m'mimba munapota ine.

Ntchito yanga ndi yosoka mipando ya magalimoto. Ndili ndi kashedi kuseri kwa nyumba, makina okalamba, ndi mulu wa masiponji umene mphaka wathu anausandutsa chipinda chake. Mkazi wanga ali ndi saluni pamsewu waukulu, ndipo nkhani iliyonse ya m'tauni imayamba yakhala pampando wake isanapite kwina.

Apongozi anga aamuna ndi mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wovala tayi ngakhale pothirira maluwa. Ali ndi galimoto yakale yofiira, ya denga lansalu lotha kutsika, imene tonse timaitchula kuti Dona. Zenera lake lakumbuyo si lagalasi ayi, ndi la pulasitiki yofewa yoonekera, lomangidwa ndi zipi.

Dona anali pamtima pa malemu apongozi anga aakazi. Iwo ndiwo ankakonda kuti denga litsike, mphepo iwaombe, anthu awaone. Atamwalira, mkazi wanga anakweza dengalo ndi manja ake, n'kumanga zokowera zake, n'kuuza bambo ake akulira kuti lisadzatsikenso. Bambowo analonjeza. Kuyambira pamenepo Dona ankangopita kusitolo ndi kuchipatala, ndipo Loweruka lililonse mkazi wanga ankakapukuta zeneralo ndi thaulo la mayi ake. Makiyi ena ankakhala ndi ine, poti ndine ndinkasamalira mipando ndi dengalo. Makiyi amenewo ndiwo anandigwetsa m'mbuna.

2

Tsiku lina m'mawa kukuzizira, mkazi wanga atangonyamuka, ndinamva Dona akulowa pageti monyang'ama ngati galu woba mazira. Apongozi anatsika n'kuyang'ana uku ndi uku. Ndinaona kuti ndevu zawo, zimene mwezi wathawo zinali mbuu, tsopano zinali bii, koma mkamwini amaona ndi maso, pakamwa pamakhala potseka.

"Mkamwini, mwana wanga wapita?"

"Apita, bambo."

"Tabwerani muone kuno."

Ndinazungulira kumbuyo kwa galimoto. Zenera lija linali ndi makwinya akuya, oyera ngati choko: mizere iwiri yotsika, wina wopingasa pakati, ndi kamzere kena kakafupi pangodya.

"Bambo, denga ili linatsika."

"Sindinakufunseni za denga, mkamwini. Ndakufunsani za zenera."

"Ndiye lakwinyika lokha?"

"Kuzizira. Nyengo ya masiku ano ndi yosamvetsetseka."

Ine ndikudziwa kuti kuzizira kumaumitsa pulasitiki, koma sindinamvepo kuti kumatsegula zipi. Munthu wina anamasula zeneralo, n'kulipinda likadali lozizira, n'kulikanikiza mopanda chisoni.

Apongozi anandigwira mkono, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirireni mwana wawo. "Loweruka lisanafike makwinya awa achoke. Akafunsa, mwabweretsa galimoto kudzasoka mpando. Ndipo mundilonjeze, mwana wanga, kuti zimene mwaona pano zithera pompano."

Munthu amene anakupatsa mwana wake mmodzi yekhayo akakutchula kuti mwana wanga, umkana bwanji? Ndinalonjeza, ndipo anabwerera kwawo wapansi akuimba kaluzu.

3

Makwinya a pulasitiki sachotsedwa ndi mphamvu, amafuna kunyengerera. Ndinakweza denga n'kulimanga zolimba kuti zenera likokeke, ndinaimika Dona padzuwa, kenako ndinkathira madzi ofunda pang'onopang'ono n'kumasisita ndi nsalu yofewa, dzanja lina mkati, lina kunja. Kukanakhala kotentha zikanatheka. Koma dzuwa la tsikulo linali longoonetsa nkhope, ndipo mizere ija inangondiyang'ana.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti kuchipinda kuli choumitsira tsitsi chimene mkazi wanga amasunga kuti cha kusaluni chikafa asasowe pogwira. Chinthu chimenecho saloleza munthu kuchikhudza, ngakhale kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndinachitenga.

Chimagwira ntchito bwino, bola uchiike pa moto wochepa, uchigwirire patali ndithu, ndipo dzanja lisaime malo amodzi. Ukaima, pulasitiki imachita chikasu kapena kusungunuka, ndiye kuti wapha zenera. Mzere woyamba unayamba kufewa, ine n'kuyamba kudzitama mumtima. Chifukwa cha phokoso lake sindinamve geti likutseguka.

"Bambo inu, Dona wayamba liti kumera tsitsi?"

Mkazi wanga anali ataima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno, chipeso chikadali m'thumba la epuloni. Masana amenewo sabwera kunyumba.

"Ndikusoka mpando," ndinatero, choumitsira chili m'manja chikulirabe.

"Kasitomala wanga wandiuza kuti dzulo anaona Dona pamsewu wotuluka m'tauni, denga lili pansi. Woyendetsa anavala kapu ndi magalasi akuda. Pambali pake panali mzimayi wa duku lachikasu, akuseka mpaka mano onse pamtunda. Ndinamuuza kuti ndi bodza. Ndabwera kudzaona bodzalo."

Anayang'ana zenera, nkhope yake n'kugwa. Kenako anapisa dzanja kuseri kwa mpando, mmene denga limagona likatsika, n'kutulutsa duku lachikasu.

"Makiyi a galimoto iyi ali ndi anthu awiri, inu ndi bambo anga. Bambo anga anandilonjeza pamaliro a mkazi wawo. Tsono mundiuze, ndi ndani ameneyu?"

"Sindikumudziwa."

Chinali choonadi chokhachokha, koma choonadi chimenecho chinamveka moipa kuposa bodza.

"Ndiye mumanyamula ndi osawadziwa omwe? M'galimoto ya mayi anga?"

Analira. Kukalipa kwake ndinakuzolowera, koma kulira kumeneko kunandipyoza mtima. Atapukuta misozi anandilanda choumitsira n'kunena mosakweza mawu: "Lamlungu ndiitana bambo anga ndi mayi anu. Mukatchula mzimayiyu pamaso pawo, tikambirana. Mukapanda kumutchula, munyamule makina anu ndi mphaka wanu."

Bulangete langa ndinalipeza pa sofa.

4

M'mawa mwake ndinathamangira kwa apongozi. Ndinawapeza akupukuta nsapato, akung'ung'udza nyimbo.

"Bambo, banja langa likutha. Mundimasule pa lonjezo lija."

"Pirirani pang'ono, mkamwini. Ndikufunafuna mawu abwino omuuzira."

"Lamlungu lisanafike muwapeza?"

"Mwana ameneyu ali ndi mtima wa mayi ake. Inu simumuopa?"

Munthu amene anaphunzitsa ana osamva moyo wake wonse anali kunjenjemera ndi mwana wake yemwe. Ndinafuna kukalipa, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Kuchoka apo ndinapita kwa mayi anga, poti mwana akapsa amathawira kwa make. Mayi anga ndi amasiye kuyambira ndili kusukulu. Anatilera ndi ntchito yochapa ndi kusita kuhotela ina yaikulu, ndipo ngakhale anapuma, simbi yawo sizizira. Munganene zilizonse za iwo, kuti ndi aukali, kuti tiyi wawo ndi wamadzi, angoseka. Koma mukanyoza mapindidwe awo a nsalu, mwaputa mavu. Tili ana, mabedishiti tinkapinda mobwereza mpaka m'mphepete mugwirizane.

Ndinawapeza akupinda mapilokesi. Ndinawafotokozera za sofa, za duku, za Lamlungu, osatchula za apongozi. Ndinkayembekeza kuti adzuka n'kumanga nsalu kukamenyera nkhondo mwana wawo. Iwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ungopepesa, mwanawe."

"Ndipepese chiyani, amayi? Sindinalakwe."

"Mwamuna amapepesa ndi zimene sanachite zomwe. Bambo ako ankapepesa ngakhale mvula ikanyowetsa zovala."

"Akuti nditchule dzina la mzimayiyo."

"Aaa, dzina n'lachiyani? Anthu amakonda maina bwanji." Anadutsitsa chikhadabo pa pilokesi mwamphamvu. "Nanga galimotoyo yaonongeka kwambiri?"

Ndinachoka wokhumudwa. Mayi wako akafunsa za galimoto banja lako likupsa, umadziwa kuti watsala wekha padziko.

5

Loweruka kunatentha. Mkazi wanga sanandiyankhule, koma choumitsira chija ndinachipeza pakhomo pa shedi. Sanachitire ine, anachitira zenera la mayi ake.

Ndinagwira ntchito tsiku lonse, kutenthetsa, kusisita, kusiya lizizire lili chikokekere, kuyambiranso. Mizere iwiri yotsika inachoka. Kamzere ka pangodya kanatsala pang'ono. Wopingasa uja unali wouma mutu.

Ndili chiimire n'kumauyang'ana, ndinayamba kudabwa. Makwinya a denga lotsitsidwa mosasamala ndawaona ambiri: amakhala okhotakhota, opita uku ndi uku ngati pepala lofinyidwa m'manja. Awa anali ena. Ndinatenga tepi yanga yoyezera. Zipsera za mizere iwiri yotsika ija zinagawa zenera m'zigawo zitatu zofanana ndendende. Mzere wapakati unali woongoka ngati wojambula ndi rula, ndipo m'mbali mwake munali kanjira kopyapyala kosonyeza kuti chikhadabo chinadutsapo. Pomaliza munthuyo anapindira ngodya imodzi mkati.

Choumitsira chinatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinakhala pansi pa masiponji, mphaka n'kuthawa. Ndinayamba ndakwiya, kenako ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinakwiyanso. Madzi saiwala khwawa: dzanja limenelo ndinkalidziwa.

Koma lonjezo linali likadali pakhosi panga. Ndinalonjeza kuti sinditchula zimene ndinaona. Sindinalonjeze kuti ena sadzitchula okha.

6

Lamlungu masana tinakhala pabalaza anthu anayi. Apongozi anavala tayi yatsopano n'kumayang'ana kudenga. Mayi anga anakhala kumapeto kwa sofa, chikwama pamiyendo, n'kumayang'ana pansi. Anapatsana moni ngati anthu okumana koyamba.

"Muli bwanji, asewere?"

"Ndili bwino, kaya inu, asewere?"

Mkazi wanga anayala duku lachikasu patebulo n'kufotokoza zonse mwadongosolo. Atamaliza anatembenukira kwa ine. "Yankhulani. Makolo ali pano."

Ndinayang'ana apongozi. Anali atapeza kanthu kochititsa chidwi kwambiri pa nsapato yawo. Ndinatsokomola.

"Dzina sinditchula. Koma monga mmisiri, ndinene za zenera. Ndagwira magalimoto ambiri, ndipo sindinaonepo ntchito yauve ngati imeneyi. Munthu amene anapinda zenera lija sadziwa kupinda ngakhale kampango ka m'thumba."

Chikwama cha mayi anga chinagwedezeka.

"Anangoliunjika ngati chiguduli. Mbali ina yaitali, ina yaifupi. Zikuoneka kuti kwawo sanaphunzitsidwe ntchito ya m'nyumba."

"Iwe," anatero mayi anga chapansipansi.

"Nanga mzere wapakati uja? Wokhota ngati njira ya munthu woledzera. Ndinachita manyazi m'malo mwake."

"Wokhota pati?" Mayi anga anaimirira, chikwama n'kugwa pansi. "Wokhota pati, mwana wopanda ulemu iwe? Ndinalinganiza ngodya ndi ngodya! Patatu, kenako pakati, ngodya mkati! Moyo wanga wonse palibe bwana anandibwezerapo nsalu, lero iwe ukuti chiguduli?"

Tonse tinawatembenukira. Mayi anga anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Amayi?" anatero mkazi wanga. Kenako anatembenuka. "Bambo?"

Apongozi anamasula tayi. "Asewere anati sanakwerepo galimoto yopanda denga. Ine ndinali kutsogolo kulimbana ndi zokowera, ndinangowauza kuti atsegule zipi. Potembenuka ndinapeza atalipinda kale."

"Linali lendelende," anatero mayi anga. "Munthu ungasiye chinthu chili choncho?"

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Ndinkangobweretsa malaya kuti andisitire, mwana wanga."

"Malaya ake osita kale," anawonjezera mayi anga, maso ali pansi. "Ena ankabwera kawiri pa sabata osavalidwa."

Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Mkazi wanga sanaseke. Anadzuka n'kutuluka panja.

7

Ndinamupeza ataima kumbuyo kwa Dona, chala chili pa mzere wotsala uja.

"Munkadziwa?"

"Za bambo ndinadziwa tsiku lomwe lija, koma anandilumbiritsa. Za amayi ndadziwa dzulo."

"Ndiye munalolera kugona pa sofa chifukwa cha bambo anga?"

"Ndinalolera, koma msana sunalolere."

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira. "Ndinkaganiza kuti denga ili likatsika amayi palibe, ndiye kuti tawaiwala. Koma iwo ankadana nalo likakhala pamwamba, ankati muli ngati m'bokosi. Ndine ndinatsekera bambo anga m'bokosimo, ine n'kumabwerera kwa mwamuna wanga madzulo alionse, iwo n'kumadya okha."

Ndinamuyandikira. Nthawi zina mwamuna wanzeru amangopereka phewa.

Akuluakulu aja anatuluka motsogozana ngati ana oitanidwa ku ofesi ya ahedi. Mayi anga anayamba kupepesa, koma mkazi wanga anawadula. Anatsegula chitseko cha Dona n'kutulutsa thaulo lija la mayi ake. Anamasula zokowera ndi manja ake omwe anazimanga aja, n'kutsegula zipi.

"Bwerani kuno, amayi, ndikuonetseni mmene mayi anga ankachitira. Zenera ili silipindidwa, limagonekedwa. Mumakulunga thaulo chonchi, n'kuliika pakati, zenera n'kulizungulira mofewa. Kukazizira mumayamba mwadikira dzuwa."

Mayi anga analandira thaulolo ndi manja awiri. Anachita monga anauzidwa, koma atamaliza ndinaona chala chawo chachikulu chikunyamuka chokha kulunjika pa zenera, chikhadabo patsogolo. Apongozi anachigwira m'malere. Sanachisiyenso, ndipo tonse tinayang'ana kumbali.

"Duku lanu lili patebulo," anatero mkazi wanga. "Mukamapita mulimange zolimba. Ndipo bambo, ndevuzo muzibwera nazo kusaluni, mwazipaka ngati nsapato."

Dona anatuluka pageti denga lili pansi, mayi anga atakhala mowongoka ngati mkazi wa bwana. Mkazi wanga anawayang'ana mpaka anakhota.

Kupepesa kwake kunabwera motere: "Chotsani bulangete lanu pa sofa, likudetsa pabalaza." Nditalinyamula anandiyang'ana m'mbali. "Komatu awa akakwatirana, inu mukhala achimwene anga."

"Ndiye ndibwerere pa sofa, achemwali?"

Anandigenda ndi pilo.

8

Owerenga anzanga, ine si mlangizi, koma sofa inandiphunzitsa zinthu. Wamkulu akakugwirani mkono n'kunena kuti mulonjeze, yambani mwayang'ana ndevu zake. Zikakhala kuti zada mwadzidzidzi, pemphani nthawi yoganiza. Ndipo inu amene muli ndi kholo lotsala lokha, musaganize kuti mtima wake unapuma ntchito tsiku limene linapuma ntchito. Ife tinkawaona ngati anthu ongodikira mankhwala ndi zidzukulu, pamene iwo ankatumizirana malaya osita kale.

Mzere wapakati uja unakana kuchoka. Ndinayesa dzuwa, madzi ofunda ndi choumitsira, mpaka ndinaona kuti ndikapitiriza ndipsereza zenera lonse. Ndinauza apongozi kuti ndingathe kusokerapo pulasitiki yatsopano, iwo anakana, akuti akamayang'ana pagalasi loonera kumbuyo amakonda kuuona. Mkazi wanga amaupukuta Loweruka lililonse pamodzi ndi zenera lonse, ndipo sadandaula.

Amene sanandikhululukire ndi mayi anga. Za kuwaulula sizikuwakhudza, akuti zinawapeputsa. Chimene chikuwapweteka ndi mawu aja ndinanena pamaso pa asewere awo, ndipo anandilamula kuti ndiwabweze pagulu. Ndiye ndikubweza pano, pamaso pa nonsenu. Ndinayeza ndekha ndi tepi. Amayi, mzere uja ndi woongoka.